Ndiwaikire nyimbo ziti bambo anga pa khadi?

Nangozo:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi pempho. Bambo anga ali ndi zaka 78, ndipo akhala akuimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Chaka chathachi mayi anatisiya. Maso nawonso ayamba kuchita chidima, moti buku la Nyimbo za Mulungu sakuthanso kuliwerenga. Tsiku lonse amangokhala pakhonde ndi kawailesi, kupotokola uku ndi uku, koma zambiri zimene zikuulutsidwa masiku ano sizikuwafika pamtima. Ndawagulira kasipika kolowa memori khadi. Tsono ndiikemo chiyani? Amakonda kwambiri Haleluya ija ya Handel, anaiphunzira pa solufa akadali anyamata. Ndikufuna zina zonga imeneyo, zina za kutchalitchi, komanso zathu zakale zoti ziwakumbutse unyamata wawo. Chonde musangonditchulira maina. Mundiuzeko chifukwa chake, kuti ndiziwafotokozera tikamamvera limodzi.

Aphunzitsi a Kwaya:
Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya mayi. Poti bambo amakonda Haleluya, tiyambire pomwepo. Ambirife timaiimba pa Khirisimasi kapena pa Pasaka ngati nyimbo yoima payokha, koma imeneyo ndi nthambi chabe. Mtengo wake ndi Messiah, yomwe imatenga maola awiri ndi kupitirira. George Frideric Handel anaipeka ku London mu 1741 m'masiku 24 okha, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu April 1742. Ndalama za pakhomo zinapita kuzipatala ndi kukaombola anthu omangidwa chifukwa cha ngongole. Mawu ake onse ndi a m'Baibulo, anawasanja ndi Charles Jennens. Ndiye munthu wokulira m'tchalitchi ngati bambo, ngakhale Chingerezi chiwapite penapake, mukangowauza chaputala ndi vesi adziwa pamene ali.

Ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi cha ulosi ndi kubadwa kwa Yesu. Chachiwiri ndi cha masautso, imfa ndi kuuka kwake, ndipo Haleluya ndi imene imatseka chigawo chimenechi. Ambiri amayesa zathera pomwepo, chonsecho kukadali chigawo chachitatu cha kuuka kwa akufa, chomwe kwa ine ndiye mnofu wake.

Kwa munthu wa besi ndikusankhireni ziwiri. Yoyamba ndi The people that walked in darkness, yochokera pa Yesaya 9:2. Mukamvetsera, mawu a woimbayo amangozungulira, kukwera pang'ono n'kutsikanso, ngati munthu wofufuza khomo m'nyumba usiku, ndipo mavayolini amangoponda momwe iye waponda. Akafika pa mawu onena za kuwala kwakukulu, nyimbo imatseguka ngati mwakankha zenera. Yachiwiri ndi The trumpet shall sound, ya pa 1 Akorinto 15, besi kuyankhana ndi lipenga. Muwonjezerepo I know that my Redeemer liveth, ya pa Yobu 19:25. Imeneyo ndi ya sopulano, koma kwa munthu amene waika mkazi wake m'manda chaka chatha, ndi mankhwala.

Muwauzenso ichi. Handel nayenso anachita khungu kumapeto kwa moyo wake, koma sanasiye. Ankaimbabe limba pamaso pa anthu, zonse zochokera m'mutu. Messiah anaimva komaliza mu April 1759, patangotsala masiku ochepa kuti amwalire.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ine zimandipweteka. Nthawi iliyonse tikati tikambe za nyimbo zozama, timathamangira kwa azungu. Kodi kwathu kuno kulibe zozama? Mukufuna munthu wosaona woimba kuchokera mumtima, si uyo Allan Namoko wa ku Thyolo? Banjo yake, ng'oma za Chimvu River Jazz Band, mawu okandapala aja. Amayi, ikani Lameki, ikani Achilekwa, ikani chimbale chonse cha Ana Osiidwa. Anamwalira mu 1995 asanakwanitse n'komwe zaka 40, ndipo sanalemere nazo. Ife amene tikupanga nyimbo pa kompyuta lero tikungotola nyenyeswa za munthu ameneyu.

Agogo Chisale:
Mdzukulu wanga wa ku Ndirande, za Namoko wanena zoona. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Koma Haleluya usailande m'manja mwa bambo awa. Munthu waiimba zaka makumi asanu, wailoweza mpaka m'mafupa, waiimbira akwati, waiimba potsekulira matchalitchi. Ukanena kuti si yake, ndi ya ndani? Ifetu tinakula ndi zonse ziwiri. Lamulungu m'mawa solufa, madzulo wailesi ya MBC.

Iwe Nangozo, bambo ako ndi a msinkhu wanga, ndiye ndikudziwa zimene anavina. Usaiwale abale awiri a kwa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba. Anakhalako ku Salisbury ali ana, n'kumene anaitola kwela, nyimbo ya chitoliro ya m'misewu ya ku Joni, n'kubwera nayo kuno. Daniel pa gitala, Donald pa chitoliro. Daniel akagwira gitala unkayesa akuimba anthu atatu: chala chachikulu chikuyendetsa besi, zala zinazi zikuyankha pamwamba. Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967, ndipo n'chifukwa chake zojambula zawo zinasungika bwino mpaka kunja. Uikemonso Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, ndi Giddes Chalamanda. Achinyamata mwamudziwira pa Linny Hoo ya 2020 ija anaimba ndi Namadingo, koma Giddes anabadwa mu 1930, ife tinamumva kalekale. Peza zimene akuimba yekha ndi gitala wake, popanda zokometsera.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Ndamva agogo. Sindimati aichotse. Ndimangofuna kuti zathu zisakhale zotsalira kumapeto kwa khadi ngati ndiwo za dzulo.

Naphiri wa ku Leeds:
Moni achemwali. Ine ndine wa Chikatolika, ndiye ndibweretse za kwathu, ngakhale bambo ali a mpingo wina. Ndimagwira ntchito usiku yosamalira okalamba kuno, ndipo ndaona ndi maso anga kuti munthu woti waiwala ngakhale dzina la mwana wake, nyimbo imene anaiimba ali wamng'ono saiiwala.

Yambani ndi Ave verum corpus ya Mozart. Ndi yaifupi, mphindi zitatu basi. Anaipeka mu June 1791 ku Baden, kufupi ndi Vienna, kulembera mnzake amene ankatsogolera kwaya ya patchalitchi cha pamalopo. Sinali ya akatswiri a m'nyumba za mafumu, n'chifukwa chake kwaya wamba imaikwanitsa. Mozart analemba chilangizo koyambirira, choti aimbe motsitsa mawu. Mu December chaka chomwecho anamwalira ali ndi zaka 35. Bambo amvetsere mzere wa besi, umayenda mofatsa koma ndi umene wanyamula nyumba yonse.

Ina ndi Miserere ya Gregorio Allegri, Salimo 51, kulapa kwa Davide. Inkaimbidwa mu Sistine Chapel ku Roma m'Sabata Loyera. Makwaya awiri amalandizana, ina ya mawu asanu, ina ya mawu anayi, popanda chida chilichonse. Pali pamene sopulano mmodzi amakwera pamwamba kwambiri mpaka thupi kuchita tsemwe.

Ndipo kwa achimwene a ku Ndirande, yanu nayi: Missa Luba. Inajambulidwa mu 1958 ndi kwaya ya anyamata ndi aphunzitsi awo ku Kamina, ku Congo, motsogozedwa ndi wansembe wa ku Belgium, bambo Guido Haazen. Mawu ake ndi a Misa m'Chilatini, koma maimbidwe ndi ng'oma ndi za Aluba. Kyrie yake, pemphero lija la Ambuye mutichitire chifundo, inachokera ku nyimbo yawo ya maliro. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo msonkhano wa Vatican wachiwiri unali usanachitike, ndipo ng'oma m'tchalitchi ambiri ankaiona ngati yachikunja. Ng'oma zimene tikuvina pa Misa lerozi, njira yake inalambulidwa ndi anthu ngati amenewa.

Nyajere:
Zikomo a Naphiri, koma pa nkhani ya kulowetsa maimbidwe a makolo m'tchalitchi, kwathu ku Mzimba tinayamba kale Congo isanayambe. Ku Embangweni, kumene kunkatchedwa Loudon, m'mishonale wa ku Scotland Donald Fraser ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Angoni ndi Atumbuka ankatenga maimbidwe a ingoma, a nkhondo, a ukwati, n'kuikamo mawu a Uthenga. Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula, amenewo ndi ena mwa opeka ake, ndipo nyimbo zawo zili mu Sumu za Ukristu mpaka lero. M'mishonale wina, Tom Colvin, anamasulira zina m'Chingerezi, moti pali matchalitchi kunja amene amaimba nyimbo za ku Mzimba. Mmodzi amayambitsa, gulu n'kulandira, ndipo amuna amagunda pansipansi ngati mabingu akutali. Bambo a besi azikonda zimenezi ngakhale Chitumbuka asachimve.

Muikemonso Wambali Mkandawire, chimbale cha Zani Muwone cha 2002. Ameneyo ndiye anatenga zonsezi, za makolo, za kutchalitchi ndi jazi, n'kuziluka chingwe chimodzi. Tinamutaya mu January 2021 ndipo mpata wake ukuonekabe.

Mbewe wa ku Joni:
Ine ndingoti Ladysmith Black Mambazo. Palibe gulu lina limene limalemekeza besi ngati limeneli: mtsogoleri mmodzi pamwamba, ena pafupifupi onse pansi. Maimbidwe awo amatchedwa isicathamiya, ndipo anakulira m'mahositelo a amuna ogwira ntchito kutali ndi kwawo. Dzinalo limanena za kuponda monyang'ama, chifukwa amavina mopepuka, chonyang'ama ndi zala za kumapazi. Ngati bambo ali ndi achibale amene anapita ku Wenela kapena ku Theba, akumbukira nkhani zake. Joseph Shabalala, amene anayambitsa gululi, anamwalira mu 2020. Chimbale chabwino poyambira ndi Shaka Zulu, chomwe chinapata mphoto ya Grammy mu 1988.

Ndipo mufunefune Mbube yoyambirira ya Solomon Linda ndi Evening Birds, yojambulidwa ku Johannesburg mu 1939. Ikumveka mokanda chifukwa ndi yakale, koma mabesi ake ndi oopsa. Nyimbo imeneyo inazungulira dziko lonse ndi dzina lina, anthu ena n'kudyerapo mamiliyoni, mwini wake n'kumwalira wosauka mu 1962. Ana ake anadzayamba kupezako kanthu atagwirizana pa mlandu mu 2006. Ndikaimva ndimakumbuka zomwe wanena mnyamata wa ku Ndirande za Namoko.

Tembo wa ku Chipata:
Abale a ku Malawi, musatiiwale ife a tsidya lino la Mchinji. Alick Nkhata! Ankaimba Chinyanja ndi Chibemba pa wailesi ya ku Lusaka, yomwe m'zaka za m'ma 1950 inkamveka mpaka ku Nyasaland, MBC isanabadwe. Masiku amenewo kunali kawailesi kotchipa kooneka ngati poto kotchedwa Saucepan Special. Bambo anali mwana, koma n'kutheka kuti mawu a Nkhata anawamva pakhomo pa aphunzitsi kapena pagolosale. Anaphedwa mu 1978 kufupi ndi Mkushi pamene asilikali a Rhodesia anaukira derali. Anagwiraponso ntchito ndi Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira mawu m'midzi ya kwanuko m'zaka zomwezo. Zojambula za Tracey zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ndipo zina zinatuluka pa zimbale: bangwe, kalimba, nyimbo za pamtondo. Mukapeza za dera la kwanu, muwaikire.

Nangozo:
Abale inu, ndikulemba zonse m'kope. Sindimayembekezera kuti zichuluka chonchi. Aphunzitsi, nanga Bach amene ndimangomva dzina lakeyu, ndi wotheka kwa munthu woyamba kumene?

Aphunzitsi a Kwaya:
Ndi wotheka, bola kumupatsa nthawi. Johann Sebastian Bach anabadwa chaka chimodzi ndi Handel, 1685, onse ku Germany, koma sanakumanepo. Handel anapita ku London kukaimbira anthu olipira pakhomo. Bach anakhala ku Leipzig kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750, ali mphunzitsi wa anyamata a kwaya, wokonza nyimbo za Lamulungu ndi Lamulungu. Kunena mwachidule, anali mnzathu wa ntchito yomwe bambo aigwira moyo wawo wonse. Kumapeto kwa nyimbo zambiri ankalemba zilembo zitatu, S.D.G., kutanthauza kuti ulemerero ukhale kwa Mulungu yekha. Nayenso maso anamuvuta m'miyezi yake yomaliza.

Ntchito yake yaikulu ndi St Matthew Passion, Mateyu 26 ndi 27 woimbidwa m'Chijeremani, wa pa Lachisanu Loyera. Imayandikira maola atatu, ndiye musawapatse yonse tsiku limodzi. Tsegulani Baibulo, muwawerengere pamene Petro akukana Ambuye katatu, tambala n'kulira, iye n'kutuluka kukalira ndi kuwawa mtima. Mukatseka Baibulo, ikani Erbarme dich. Vayolini mmodzi amayamba yekha, ngati munthu wosisima kuseri kwa nyumba, kenaka alito n'kulowa kupempha chifundo. Ine ndaimva kosawerengeka, koma sindinathe kuimverapo ndikugwira ntchito ina. Imakukhazika pansi.

Achimwene a ku Ndirande, tamvani ichi. M'ntchito yomweyi muli nyimbo ya mpingo imene imabwerezedwa kasanu, imene m'mabuku a nyimbo a Chingerezi ndi O sacred head. Chuni chake si cha Bach. Anachipeka Hans Leo Hassler cha m'ma 1601, ndipo inali nyimbo ya mnyamata wodandaula za chikondi. Mpingo unachitenga kumsewu n'kuchibatiza. N'chimodzimodzi zimene anena a Nyajere za ku Embangweni. Ndiye mpanda umene timaika pakati pa nyimbo zauzimu, zachikunja ndi za ophunzira, oimba enieniwo akhala akuudumpha kuyambira kale.

Naphiri wa ku Leeds:
Ndiwonjezere imodzi, Requiem ya Gabriel Fauré, yoimbidwa koyamba ku Paris mu 1888. Ndi Misa ya akufa, koma iye anasiya mbali yaikulu ya mawu oopseza za tsiku la chiweruzo, n'kutsindika za mpumulo. Zigawo zake za Pie Jesu ndi In Paradisum zili ngati mayi akugoneka mwana.

Mbewe wa ku Joni:
Koma abale, tisamale. Munthu ndi wamasiye, ndipo tamuunjikira Miserere, kulira kwa Petro, tsopano Misa ya akufa. Tisasandutse khonde lawo kukhala siwa. Pakhale zoti agwedeze phazi. Alleluya Band ya ku Balaka, ya masiku a Paul Banda, yomwe inayamba mu 1978. Lucius Banda wa zimbale zoyambirira. Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, chimbale cha Tuku Music, gitala wake amaseka ngakhale mawu akulira. Miriam Makeba, Pata Pata. Ndipo pa zauzimu, Ndirande Anglican Voices ndi Ethel Kamwendo Banda.

Naphiri wa ku Leeds:
A Mbewe, ndikumvetsa nkhawa yanu, koma sindikugwirizana nanu kwathunthu. Okalamba amene ndimawasamalira sakuthawa nkhani ya imfa, ndife ana amene timaithawa. Timawaikira zosangalatsa zokhazokha chifukwa ifeyo sitifuna kuwaona akugwetsa misozi. Nthawi zina munthu amafuna nyimbo yomulola kulira bwinobwino, kenaka n'kudya nsima yake. Zonse zikhalemo, asankhe okha.

Agogo Chisale:
Naphiri wanena ngati wamkulu. Ine akazi anga anapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nyimbo zimene anthu ankazimitsa ndikalowa m'nyumba ndi zomwe ndinkazifuna.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Pepani agogo. Amayi, ine ndithandize mbali ya khadi, poti ndiyo ntchito yanga. Musaike nyimbo mazanamazana. Tisipika timeneti tilibe poonera, ndipo munthu wosaona bwino akasochera m'kati amangozimitsa. Yambani ndi 30 kapena 40. Dzina la nyimbo iliyonse liyambe ndi nambala, 01, 02, 03, kuti azidziwa kuti akadina kasanu afika pa Namoko. Kuli bwino mugule makhadi awiri kapena atatu, lina za kwaya, lina zakwathu, lililonse mulisunge m'kabokosi ka machesi kokhala ndi chizindikiro chogwirika. Pabatani loyambitsira matanipo kaselotepi kokhuthala kuti chala chizilipeza. Zachizunguzo muonetsetse kukweza kwake, chifukwa zimayamba motsika kwambiri kenaka n'kuphulika. Ndipo za oimba athu amene ali moyo, ngati pali pogulira, gulani. Tangokamba kumene za Linda ndi Namoko.

Aphunzitsi, Erbarme dich ndaimvera kawiri tsopano. Sindikumva liwu ndi limodzi lomwe, koma vayolini ameneyo ndamumva.

Nangozo:
Ndabweranso abale, patha sabata ziwiri. Ndinapita kumudzi Loweruka ndi makhadi awiri monga anandilangizira achimwene a ku Ndirande. Tinayamba ndi Haleluya. Anaimirira, ndodo ili m'manja, n'kuimba besi yonse osaphonya, kenaka anati azunguwo akuthamanga, iwo ankaiimba modekha kuposa apo. Nditawauza kuti Handel anachita khungu koma ankaimbabe limba, anakhala chete nthawi yaitali. The people that walked in darkness anaiitanitsa katatu.

Miserere sanaikonde, a Naphiri mundikhululukire. Akuti mawu apamwambawo akuwalasa m'makutu ndipo mabesi sakupatsidwa ntchito yokwanira. Ave verum ndiye anati ndiisiye izibwereza. Ladysmith anaseka ndi chimwemwe, akuti amenewa ndiye amuna. Kachamba atayamba, anandiuza nkhani imene sindinaimvepo, ya mmene anakumanirana ndi mayi pa dansi ya tsiku la ufulu kusukulu ya kwathu, mayi atavala diresi yobwereka kwa akulu awo. Tinalira tonse awiri, kenaka anati ndibwezerenso. Fauré sitinafikepo, akuti asunga ya tsiku lokumbukira mayi mwezi wamawa.

Tsopano pali vuto latsopano. Akufuna kuphunzira The trumpet shall sound kuti akaimbe pa Pasaka, ndipo akuti kumvera kokha sikukwanira, akufuna solufa yake. Alipo ali nayo?

Aphunzitsi a Kwaya:
Ndili nayo ya manotsi a pamizere, ndiitembenuzira ku solufa ndi dzanja, mundipatse masiku anayi. Ndi yaitali ndipo ili ndi malo ofuna mpweya wambiri, ndiye ndilemba gawo loyamba lokha, n'kuika zizindikiro popumira. Ili mu D, koma ngati pamwamba pakuwavuta tiitsitsa kufika mu C. Inu muziwawerengera mzere umodzi umodzi, iwo aziloweza. Lipenga likasowa, woimba limba wa kutchalitchi kwanu akhoza kuimba mzere wakewo ndi dzanja lamanja. Mundiuze ngati woimba limbayo amawerenga solufa kapena manotsi, kuti ndimulembere yakenso.